Tochi ya m'botolo

Lachiwiri, 4 Novembala

Masiku 19 chiwaikireni m'manda amuna anga. Ndikuwerengabe, ngati wodwala wowerenga mapilitsi otsala.

Lero ndakoka chikwama chawo cha kuntchito pansi pa bedi. Kapitawo wawo anachibweretsa tsiku la ngozi lomwe lija, ine n'kungochikankhira kumeneko. M'kati: kontena ya chakudya yosatsuka. Malaya osinthira. Chipeso. Foni. Olowa m'ngalande za pansi pa misewu mafoni amasiya pamwamba, kunsiko kulibe netiweki. Pambali pa chikwamacho pali jumbo yakuda ya kuchipatala, ya zimene anawapeza nazo. Imeneyo sindinamasule.

Foni ndaitchaja. Sindikudziwa ndimafunamo chiyani. Mwina mawu awo. Nambala yotsegulira ndi chaka chimene anabadwa mwana wathu, Injiniya. Sanasinthepo, ulesi.

Itangoyaka, mauthenga mbwee! Ena opepesa maliro. Anthu ndithu, kupepesa kwa mwini wake womwalirayo. Kenako uwu, wa dzana: "A Mfuko, mwakhala chete bwanji? Katundu ali m'njira. Mukadali nambala 4. Limbani mtima, simufa ndi mdima."

Ndinakhala pa simenti. Nthawi yaitali.

Mwini nambalayo anamulemba kuti "a Mawa". Ndabwerera m'mbuyo kuwerenga zonse. Ndi wogulitsa zitsulo ndi zamagetsi kutsidya kwa tauni. Kuyambira Ogasiti amuna anga akhala akudikira katochi kena ka LED, kakang'ono, kosalowa madzi, kopanira pa kolala, kamene ukakadina kawiri kamathwanima kokha. Funso limodzi, yankho limodzi: mawa. Pakati pake kunyozana za mpira.

Pa 21 Ogasiti amuna anga analemba: "Yangayi yatopa. Ikangonunkhiza madzi yazima. Ndaimanga ndi labala. Akunyumba asamve."

Akunyumba ndine. Ndamva lero.

Palinso mauthenga asanu ndi awiri ochokera kwa Injiniya, onse olembedwa bambo ake ataikidwa kale. Sindinatsegule. Si anga.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndabwerera ku laibulale. Mabuku ong'ambika andidikira mulu, guluu wauma m'chitini. Anzanga akuyenda monyang'ama pondizungulira, ngati ndine kapu yong'aluka.

Pa tiyi wam'mawa Injiniya ananena, maso ali pa buledi: "Tchuthi changa chikutha pa 17. Ndauza kapitawo andiike pansi."

Pansi. Zaka zitatu ali m'gulu la bambo ake, nthawi zonse wapamwamba.

Ndilembe apa mmene amagwirira, mwina ndikalemba mantha achepa. Awiriawiri. Wapansi amatsika pa makwerero n'kuyenda m'ngalande, kuchotsa zinyalala zotseka njira mvula isanafike. Wapamwamba amakhala pakamwa pa dzenje, maso pansi. Mphindi khumi zilizonse wapansi amatembenuka n'kuthwanimitsa tochi kawiri: ndili bwino. Akathwanimitsa mosalekeza: madzi akubwera, thamanga ukatsegule chivindikiro chimene ndayandikira. Palibe waya, palibe foni. Moyo wa munthu pa kuwala kwa tochi.

Tsiku lija pamene ankagwira ntchito, dzuwa linali kuswa mtengo. Mvula inagwa kumtunda kwa tauni, madzi n'kubwera pansi pa nthaka osagogoda. Wapamwamba anali Injiniya. Anatsegula zivindikiro zinayi, manja mpaka magazi, dzenje lililonse mdima wokhawokha. Anakawapeza madzulo pa sefa yachitsulo kufupi ndi mtsinje.

Ndinati, mwanawe, dikira mvula idutse. Anati, "Ngalande sizidikira, amayi." Mawu a bambo ake ndendende, mpaka kapotokedwe ka mlomo.

Ndawerenga mabuku ambiri a amayi oletsa ana awo ulendo. Sindikukumbukamo mmodzi amene anapambana.

Ndiye tochi. Ngati sindingamuletse, atsike ndi kuwala kosazima. Masiku 12.

Lachisanu, 7 Novembala

Ndapempha theka la tsiku. Minibasi ziwiri. Kashopu kopapatiza, pakati pa wometa ndi wogulitsa matayala akale. Fungo la penti ndi labala. Maloko, mahinjesi, mawaya olendewera mpaka kukugunda pamutu.

Ndinaiona ndisanalowe. Pa kauntala botolo lalikulu lagalasi, la maswiti kale, lodzaza madzi. Pansi pake katochi kakuda, kutalika ngati chala changa chapakati, kakuthwanima. Phethi. Phethi. Ngati mtima wa kanthu kamoyo.

A Mawa ndi bambo wonenepa, wadazi, pensulo kukhutu, pakamwa posapuma. Sakundidziwa. Amuna anga anzawo a m'tauni ankawasiya m'tauni momwemo. Ndinafunsa ngati kasitomala wamba.

"Imeneyo mayi musaiyang'ane kawiri, ndi mkazi wanga wachiwiri. Miyezi isanu ndi itatu ali m'madzi, ndimangomutulutsa pomusintha batire. Sagulitsidwa."

Nanga zina? Anatulutsa kope. Mayina 31. Alonda, amakanika, anamwino awiri, okumba zitsime. Zimabwera zochepa, mwina zisanu ndi imodzi, mwina khumi, mwina osabwera n'komwe. Ndikalembetsa ndine 32.

Ndinafunsa ngati munthu angalowe m'malo mwa mnzake. Anatseka kope lija. "Ayi. Chaka chatha anthu anayamba kugulitsana malo, anatsala pang'ono kundiswera galasi pomenyana. Wotanganidwa atume munthu, koma andilembere yekha pa nambala yake. Amene wasowa ndimafufuta, wotsatira akwere."

Mzere wachinayi ndinali nditauwerenga chozondoka: Mfuko. Pambali pake kajambulidwa kampira kophwa.

Pakamwa ndinatsegula kuti ndinene. Zoona. Koma kunalowa wofuna misomali, ndipo mawu oti "ndimafufuta" anali akulirabe m'makutu. Mwina akanandimvera chisoni. Mwina. Mwana wanga sindingamutsamiritse pa "mwina". Ndinalembetsa 32 n'kutuluka.

M'minibasi ndinatulutsa foni yawo. Ndinalemba: "Ndilipo a Mawa. Ntchito yachuluka. Musandifufute."

Yankho mphindi isanathe: "Wauka Mfuko! Ndimati mwakwiririka."

Zaka 54 sindinabepo ngakhale pensulo ya laibulale. Lero ndaba mawu a munthu wakufa.

Loweruka, 8 Novembala

Timu yawo yagonja zitatu kwa duu. Ndadziwira kwa a Mawa: zithunzi zitatu za mbuzi ikulira. Ndinayenera kuyankha, ine wosadziwa ngakhale mtundu wa yunifolomu. Ndafufuza m'mauthenga akale mmene ankayankhira akagonja, n'kukopera: "Woyimbira anagulidwa."

A Mawa aseka mizere iwiri.

Inenso ndinaseka, ndekha kukhitchini. Kenako ndinatsegula mpopi kuti Injiniya asamve zinazo.

Za tochi: "Lolemba, osakayika."

Mitambo kumtunda. Sinagwe.

Lachiwiri, 11 Novembala

Lolemba lapita. "Galimoto yafa panjira. Lachinayi."

Dzulo ndi lero, nthawi ya nkhomaliro, ndazungulira mashopu asanu ndi anayi. Bondo latupa. Ena sanaimvepo. Ena akuti inalipo, inatha. Mmodzi anandiuza ndiyitanitse kunja, ifika Januwale. Wachisanu ndi chinayi anatulutsa yofanana maonekedwe, yakuda, yopanira pa kolala. "Yeniyeni iyi mayi, ngakhale nsomba zimayendera yomweyi." Ndinagula.

Kunyumba, beseni la madzi. Inayaka bwino mpaka ndinawerenga 40. Pa 41 inachita chikasu. Pa 50, zii. Ndalama ya chakudya cha sabata yonse ili pansi pa beseni.

Masekondi 50. Iwo anali ndi angati?

Ndaimbira kapitawo. Akuti ngozi itachitika kampani inalonjeza matochi osalowa madzi. "Mapepala ali pa tebulo la abwana, mlamu. Akangosayina." Nanga mwanayu? Anati: "Ndamukaniza kawiri. Wati ndikapanda kumuika pansi asiya, apita kwa makontilakita. Kumeneko amatsika opanda ngakhale wapamwamba. Bola ndizimuona ndekha."

Injiniya akudya ngati mbalame. Ndamupeza pakhonde akunyinda nyuzipepala m'majombo osinthira a bambo ake kuti amukwane. Atandiona anangoti, "Angawa akuthina." Akewo ndi atsopano, anawagula mwezi wa Juni.

Buku lili pa mtsamiro chitsegukire tsamba lomwelo kuyambira Okutobala. Ndimawerenga ndime imodzi kasanu, osatolapo kanthu. Kale ndinkati palibe chisoni chimene buku silinachifikepo. Kudzitama kwa munthu amene sanagogodedwe.

Masiku 6.

Lachitatu, 12 Novembala

Foni yawo inali pa tebulo langa la ntchito, pakati pa guluu ndi ulusi. Inalira. Ndimayesa a Mawa. Injiniya.

Sindinatsegule, Mulungu ndi mboni. Koma mizere yoyamba imadzionetsa yokha pagalasi:

"Ababa, ndinachoka pa dzenje. Dalaivala wina ankafuna kugunda zotchingira msewu, ndinapita kukakangana naye. Mphindi zitatu, mwina zinayi. Munathwanimitsa nthawi imeneyo eti? Munandiitana ine ndili ku"

Pathera pomwepo.

Ndinapita kukaima pakati pa mashelefu a mabuku akale a malamulo, kumene sikufika munthu, mpaka miyendo kuuma.

Ndiye si kulimba mtima. Akudzilanga. Akufuna akaime pamene anaima bambo ake, mumdima womwewo. Milungu inayi mwana wanga akuyenda ndi mwala umenewu m'nyumba mwanga, ine n'kumamuuza kuti adye.

Nditaweruka anandithirira tiyi, anandifunsa za bondo. Ndinati lili bwino. Ndinamufunsa za tsiku lake. Anati linali bwino. Abodza awiri patebulo limodzi, kupatsirana shuga.

Ndikamuuza kuti ndaona, adziwa kuti ndasuzumira m'chipinda chokhacho chimene amalirira. Ndikakhala chete, Lolemba atsika ndi katunduyu kumsana. Munthu wodziona wolakwa sathawa madzi msanga.

Lachinayi, 13 Novembala

"Katundu wagwidwa, akufuna mapepala ena. Mwina sabata yamawa, mwina mwezi. Ndisakunamizeni."

Koyamba a Mawa sanalonjeze tsiku.

Kenako anaimba. Katatu. Foni kunjenjemera pa bedi, ine nditaima kukhoma ngati muli njoka. Uthenga: "Mwakwiya? Yankhani a Mfuko, ndimve mawu. Kapena akunyumba akulandani foni?"

Mvula yawaza masana, mphindi khumi. Fungo la dothi lonyowa, limene ndalikonda moyo wanga wonse. Ndatseka mawindo.

Ndamasula jumbo yakuda. Ovololo youma gwa ndi matope. Lamba. Makiyi a nyumba ino. Tochi yakale yachikasu, kachingwe kake ka padzanja kodula ndi lumo. Yomangidwa ndi labala wa chubu cha njinga, monga analembera. M'galasi lake madzi akuda mpaka theka. Swichi ili kutsogolo, poyatsa. Ndatsegula kumbuyo. Pa waya wogunda batire pali dzimbiri lobiriwira, lokhuthala, osati la mwezi umodzi.

Anaiyatsa. Kaya inayaka, kaya ayi, sindidzadziwa. Koma ndikudziwa zimene analemba pa 21 Ogasiti.

Lero ndawakwiyira, koyamba. Munthu wokonzera aliyense mpopi mu mzere wathu wonse, kulowa pansi pa nthaka ndi tochi yomanga ndi labala! "Akunyumba asamve." Ndikanamva ndikanawabisira majombo. Ndikanakhala pakhomo. Ankadziwa, n'chifukwa chake.

Ndakwiya mpaka kuwasitira malaya osinthira aja. Sindikudziwa chifukwa.

Masiku 4. Nambala 4 ilibenso ntchito ngati katundu safika. Yatsala imodzi yokha m'tauni muno, ili m'botolo.

Loweruka, 15 Novembala

Ndapita. Mawu sindinakonze, ine wa mabuku.

M'shopu modzaza. Ndinadikira awotcherera awiri amalize kutsutsana za mtengo wa waya. Atatuluka, a Mawa: "Mayi 32! Mwabwera kudzaona mkazi mnzanu?"

Ndinaika foni pa kauntala pafupi ndi botolo, mauthenga awo ali poyera. Ndinati a Mfuko anamwalira pa 14 Okutobala. Ndine mkazi wawo. Amene mwakhala mukulemberana naye kuyambira pa 7 ndine.

Anayang'ana foni. Ine. Foni. Anachotsa pensulo kukhutu n'kuiika pansi pang'onopang'ono ngati ingasweke.

"Madzi?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye ine ndakhala ndikutumiza mbuzi kwa munthu ali m'manda. 'Mwakwiririka.' Ndinalemba choncho ine, ndi dzanja ili. Inu n'kumawerenga."

Ndinayamba za mwana, za Lolemba, za botolo. Ndinafika mpaka potchula kuti nditha kulipira kawiri. Anakweza dzanja.

"Mayi, mwandiseweretsa. Mukanangonena tsiku lija. Mumandiyesa chinyama chanji? Tulukani kaye, ndikufuna nditseke."

Loweruka, 11 koloko m'mawa, makasitomala ali pakhomo. Ndinamva loko kumbuyo kwanga. Wometa uja anatuluka ndi makina m'manja kudzaona ngati kwabwera apolisi.

Pa zenera katochi kaja kanali kakuthwanimabe m'madzi mwake.

Ndataya zonse ziwiri, nambala 4 ndi ulemu. Iwo sanalakwe. Ndinawaweruza ndi kope lawo, mtima wawo ndisanaufunse.

Pobwera minibasi inadutsa pa chivindikiro chachitsulo. Gu-gudu. Kale sindinkazimva. Ndawerenga 23 kufika pa siteji yathu.

Masiku 2. Manja opanda kanthu.

Lamulungu, 16 Novembala

M'mawa ndinaika zinthu ziwiri patebulo: foni ndi tochi yachikasu. Ndinaitana Injiniya.

Ndinati foni ya bambo ako ndinaiyatsa pa 4. Anati, "Ndikudziwa. Timatiki ta pa mauthenga anga tinasanduka tiwiri tsiku lomwelo, kusonyeza kuti afika."

Nanga bwanji unapitiriza kulemba?

"Pamaso panu sindikanatha kunena."

Ndiye wa Lachitatu uja unali wanga. Ine kuyenda monyang'ama pa khomo limene anandisiyira lotsegula.

Ndinamuonetsa wa pa 21 Ogasiti. Anauwerenga katatu. Kenako anatenga tochi ija mmene ankatengera wailesi yathu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, tsiku limene bambo ake anamupatsa dzinali. Kumasula, kununkhiza, kupala ndi chikhadabo. Nthawi yaitali.

"Dzimbiri ili ndi lakale." Kenako, mawu ali pansi: "M'mawa uja inathwanima bwino maulendo awiri. Ulendo wachitatu inali yofooka. Ndinkayesa apita kutali."

Ndinati sindingakuuze kuti sunachoke pa dzenje. Unachoka. Komanso palibe angatiuze kuti panali kuwala koti uone. Bambo ako ali ndi mbali yawo, kampani ili ndi yake, mvula ili ndi yake. Usasenze wekha mtolo wa anthu anayi.

Analira kulira kumene sanalire kumanda. Mutu pa miyendo yanga, mtsikana wa zaka 27, bondo langa lotupali likulasa, ine osasuntha.

Atapukuta m'maso: "Mawa ndikatsikabe." Anandiyang'ana. "Osati chifukwa chija, amayi. Wina ayenera kutsika, ndipo mapu a ngalande ija ali m'mutu mwanga kuposa onse. Ndikamva madzi ndithawa. Ndikulonjeza."

Ndinamukhulupirira theka.

Cha m'ma 3 koloko, odi pakhomo. A Mawa. Jekete yothina, nsapato zopolisha, thukuta pa dazi. Njira anakafunsa ku depoti ya kampani. Anakhala pa mpando wa amuna anga mosadziwa. Sindinawasamutse.

Anapepesa bwinobwino, maso pansi. Kenako anatiuza mmene anadziwirana. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, chivindikiro cha kutsogolo kwa shopu chinatseguka chokha, n'kutuluka munthu wamatope mpaka m'makutu, makasitomala kubalalika. Munthuyo anangoti, "Achimwene, zigoli zingati?" Tinaseka tonse atatu. M'nyumba muno simunamveke kuseka kotere kuyambira Okutobala.

Potsanzika anapisa m'thumba. Mpango wonyowa, m'kati katochi kaja. Batire latsopano. Anamuonetsa Injiniya: dina kamodzi, kuyaka. Kawiri, kuthwanima, tsiku lonse osapuma.

Ndinatenga kachikwama kanga.

"Bwezani, mlamu. Ndinati sagulitsidwa. Ndikubwereketsa. Iwe Injiniya, mkazi wangayu udzandibwezere wekha, ndi manja ako, katundu akafika. Ndipo mmene ndimamudziwira katundu wanga, ukalamba naye."

Za kope anati nambala 4 safufuta. Angolembapo kuti "mwana wake".

Pakhomo anatembenuka. "Komatu za woyimbira zija munandigwira, mlamu. Ndinati ndi yemweyo basi."

Ndinapepesanso. Anati zatha, koma mbuzi zija ndizifufute.

Atapita ndinadzaza beseni. Ndinawerenga mpaka 600. Injiniya ataima pa chitseko: "Amayi, yakhala m'madzi miyezi isanu ndi itatu." Ndinati ndikudziwa. Ndinawerengabe.

Lolemba, 17 Novembala

6:30. Wapita. Majombo ake omwe, osati a bambo ake. Ndangoona. Katochi ndamupanira ndekha pa kolala, n'kukamangirira ndi ulusi wosokera mabuku, mfundo zitatu. Anati, "Mwandisoka ngati dikishonale." Wapamwamba wake ndi kapitawo mwini.

10:00. Ku laibulale. Dzuwa. Ndasoka masamba khumi ndi awiri chozondoka, ndaphwasula.

12:40. Kumtunda kwada bii. Kuno dzuwa likuswa mtengo. Ngati tsiku lija.

1:15. Kugunda, kutali. Ndaimbira kapitawo, sakuyankha. Ndi bwino, wapamwamba sagwira foni. Ndikudziuza choncho. Mafoni awiri patebulo, yanga ndi yawo.

1:30. A Mawa pa foni yanga, nambala ndinawapatsa dzulo: "Mwamvapo kanthu?" Ayi. "Mkazi wangayo sazima, mlamu."

1:40. Ndinatuluka panja. Msewu wouma, fumbi, ana asukulu akugula maswiti. Pansi pa chivindikiro cha pa geti madzi akulira ngati sitima. Ndinaima pamenepo, chitsulo chikunjenjemera pansi pa nsapato zanga. Mlonda anandigwira mkono kundibweza m'kati.

1:48. Palibe. Ndatenga guluu kuti manja apeze chochita.

1:52. Yalira. Osati yanga. Yawo.

Injiniya. Mizere yoyamba pagalasi:

"Ababa, ndatuluka. Madzi ndinawamva ali kutali, ndinadina kawiri, kanathwanima mosalekeza, kapitawo anaona nthawi yomweyo. Ndinathawa. Auzeni amayi uwu atsegule, ndi enawo onse, ndipo"

Zala zonse guluu. Ndikutsegula